Diso la Kumanzere la a Kaputeni

Ermelo
10 Malichi 2024

Okondedwa amake Tadala,

Landirani moni inu, Tadala ndi bambo anga. Ngati nonse muli bwino, ndithokoza Mulungu. Ine kuno ndili gwa, kungoti chimfine cha kuno sichimva mandimu.

Mwadandaula kuti pa foni ndimangoti ndili bwino, ndili bwino, mpaka mayunitsi kutha. Simunaname. Mukundidziwa kuti pakamwa panga m'polemera, koma dzanja ili bambo analiwongola ndi rula akuphunzitsa ku Mua. Tsono ndizilemba papepala, ndipo a Petulo, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, azikutulirani pa Mtakataka.

Ntchito yothirira maluwa ija ndaisiya. A Goodson a ku Golomoti, amuna awo a Jessie ogulitsa tomato pamsika aja, andilowetsa pa kampani yawo. Timakonza mawaya akuluakulu a magetsi, aja amayenda pa nsanja zachitsulo m'tchire, ndipo timakonza osazimitsa magetsiwo. Musaope, ine sindikwera. Okwera ndi a Goodson. Amavala chovala cholukidwa ndi timawaya, n'kukhala pa chithabwa chachitsulo chomangiriridwa kunja kwa helikopita, miyendo ili lendelende. Helikopita imawatengera pafupi ndi waya n'kuima malo amodzi ngati tombolombo pamwamba pa mpunga, iwo n'kumamasula ndi kumanga. Akamayandikira amayamba atambasula kandodo kachitsulo, moto n'kudumpha kuchoka pa waya kudzagwira kandodoko. Tsiku loyamba ndinanena Tikuoneni Maria katatu, eni ake ali kumwambako akuimba mluzu.

Yanga ndi yapansi. Ndimathira mafuta, ndimakonza zida, ndipo akanyamuka ndimaima poonekera ndi wailesi ya m'manja, maso ali pa mchira wa helikopita. Kumchirako kuli timapiko tozungulira, ndipo pamwamba pa mawaya aakulu pamadutsa kawaya kena kowonda. Timapikoto tikangokhudza kawayako, basi, onse awiri sabwera amoyo. Lamulo la pano ndi lakuti aliyense akaona cholakwika anene liwu limodzi lokha, sitopu, ndipo zonse ziime, ngakhale wonenayo akhale wosesa.

Oyendetsa ndi mzungu wachikulire wa imvi mbuu, msinkhu wa bambo anga. Timangowatchula kuti a Kaputeni. Ndi munthu wabwino, khofi wawo samwa okha. Timasemphana chimodzi. M'mawa uliwonse timaima mozungulira, iwo n'kufunsa mmodzimmodzi ngati pali chimene chikumuvuta mumtima tisanayambe ntchito. Akafika pa ine, maso anga amapita okha ku nsapato. Dzana anandigwira chibwano n'kuchikweza, ati munthu woyang'ana pansi amakhala akubisa kanthu. Ndinasowa Chingerezi chowauzira kuti kwathu woyang'ana wamkulu m'maso ndiye wamwano.

Kangachepe ndatumiza kaja mugule feteleza wa mpunga wathu ku Bwanje, kotsala mugulire Tadala nsapato. Za njinga yamoto ya bambo ndamva. Mukuti anagunda dengu la munthu pa Golomoti n'kunena kuti sanalione. Asiyeni. Ayendetsa zaka makumi awiri, ndipo Tadala sachedwa kusukulu chifukwa cha iwo. Inu ndinu mpongozi wawo, musayerekeze kuwauza kanthu.

Ndine wanu,
Silvesta

Standerton
21 Epulo 2024

Okondedwa amake Tadala,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndalandira, pamodzi ndi usipa uja. A Goodson adyako theka, ndiye mukakumana ndi a Jessie muwauze kuti tomato wanu mwezi uno ndi waulere.

Ine ndili bwino. Kuno mphepo yayamba, m'mawa zala zimakana kutsegula botolo. Jekete yabwino ndi yokwera mtengo zedi, koma a Kaputeni andipatsa yawo yakale. Manja ake ndimapinda kawiri, ndipo anzanga akuti ndikuoneka ngati choopsezera mbalame m'munda.

Kunena za mbalame, mpunga ukayamba kucha mupeze munthu woingitsa mpheta. Musadalire achimwene anu, chaka chatha mpheta zinanenepa iwo ali pa bawo.

A Kaputeni andizolowera kwambiri. Masiku ano akafuna kuona manambala a pa mita ya mafuta amandiitana kuti ndiwawerengere, ati akufuna aone ngati ndikuphunzira. Ndimawerenga, iwo n'kugwedeza mutu. Lachiwiri akuthira khofi anathira pambali pa kapu, n'kuseka okha kuti kapu yasuntha. Ndaonanso kuti ukawadzera chakumanzere amadzidzimuka, ndipo dzuwa likapendeka amatembenuza mutu wonse ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Mwina ndi chizolowezi chawo chabe. Munthu wauluka zaka zoposa zanga zobadwa, ine wothira mafuta ndinganene chiyani?

Mwabwerezanso za bambo, kuti pa Misa amagwira buku la nyimbo koma akuimba za pamtima. Nyimbo zimenezo anaziphunzitsa anthu zaka zambiri, buku alifuniranji? Musamawaonetsetse choncho, amake Tadala. Uzani Tadala kuti ndaona samu zake, wandikondweretsa.

Ndine wanu,
Silvesta

De Aar
30 Juni 2024

Okondedwa amake Tadala,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Pepani kuti ndakhala chete miyezi iwiri. Anatisamutsira kuno kuchipululu, kulibe mtengo, kulibe netiweki, nkhosa ndi miyala basi. Kukuzizira moti madzi a m'ndowa amaundana.

Ine thupi lili bwino. Ntchito taima kaye masiku angapo. A Goodson avulala pang'ono dzanja lamanzere ndipo ali kuchipatala, koma akulankhula, akudya. A Jessie akakufunsani munene zomwezi, musaonjezere. Eni ake awaimbira akapezako bwino.

Lachinayi akubwera akuluakulu a kampani kudzatifunsa mafunso. Mundikumbukire m'mapemphero.

Mpunga musagulitse kwa mavenda pakadali pano. Akudziwa kuti anthu ali ndi njala ya ndalama, akugula motchipa. Muuike m'chipinda chakumbuyo, matumba akhale pa mitengo, tidzaona mu Okutobala. Sindilemba zambiri, zala zaphanana ndi kuzizira.

Wanu,
Silvesta

De Aar
21 Julayi 2024

Okondedwa amake Tadala,

Moni. Ndamva kuti muli bwino, ndathokoza. Mwanena kuti kalata yapita ija inali ngati ya munthu wobisa mphika kumbuyo. Mwandigwira. Lero ndinena zonse, chifukwa zikundidya.

Linali dzuwa la madzulo, lija limabaya m'maso. A Goodson anali pa waya, ine pansi ndi wailesi. Ndinaona mchira wa helikopita ukusendera pang'onopang'ono chakumanzere, kulunjika kawaya kowonda kaja. Ndinaona bwinobwino, amake Tadala, ndipo chala changa chinali kale pa batani. Liwu lofunika linali limodzi. Koma mukudziwa chimene chinatuluka m'kamwa mwanga? Ndinati pepani a Kaputeni, sindikudziwa ngati ndikuona bwino, koma ngati simundiona molakwika. Ndisanamalize, a Goodson anacheuka n'kukuwa okha. A Kaputeni anakhotetsa helikopita mwamphamvu, dzanja la a Goodson lili pakati pa chitsulo ndi waya. Chala chimodzi achidula, china achimanga.

Akuluakulu atabwera anatiyatsira mawu onse a pa wailesi, paja amajambulidwa. Ndinadzimva ndekha ndikupepesa pamaso pa anthu asanu ndi atatu. Mayi woona za chitetezo anawerengera pa wotchi, n'kunena kuti kupepesa kwanga kunadya masekondi anayi. Anandifunsa kuti ndimapepesa chiyani. Ndinayang'ana nsapato.

Akanandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Anandiimira ndi a Kaputeni. Anati inakankha mchira ndi mphepo, cholakwa ndi chawo, ndipo ine ndine wantchito wabwino wongofunika kuphunzitsidwa. Anangondipatsa kalata yochenjeza. Koma mphepo kunalibe. Kansalu koonera mphepo kanali lende ngati sokosi pa chingwe. Anandifunsa ngati pali china chimene ndinaona, ine ndinati palibe. Munthu wakuvekani jekete yake, wakuombolani pa mlandu, mungaimirire n'kunena kuti ndi wakhungu?

Lamulungu ndinapita kukaona a Goodson ndipo ndinawauza zonse, za khofi, za manambala, za kutembenuza mutu. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anayang'ana bandeji yawo, kenaka anati, "Achimwene, ine ndikakhala kumwamba kuja kumbuyo ndilibe maso. Maso anga ndinu. Ulemu wanuwo wandidyera chala."

Ndinawapempha kuti akanene ndi iwo za diso, poti ndi akale pakampani. Anakana. Ati iwo sanaone kanthu, woona ndine, ndipo mboni ya zongomva saimvera. Abwerera pa chithabwa mwezi wamawa, ndipo owayendetsa ndi omwewo.

Mukadutsa pa benchi ya a Jessie mugule tomato, musanenerere. Za bambo mwandifunsanso, ndiyankha kalata ina. Mutu wanga pakadali pano sukukwana.

Wanu,
Silvesta

De Aar
25 Ogasiti 2024

Okondedwa amake Tadala,

Landirani moni wanga, mupatsenso Tadala ndi bambo. Ine ndili moyo, ndipo lero ndadya ndi mtima umodzi koyamba chichokereni Juni.

Mwezi wonsewu helikopita imangozungulira kuyendera mawaya chapatali, poti wokwera panalibe. Lolemba a Goodson anabwerera. Ndinawathandiza kuvala chovala chawo chija, ndipo pa golovesi yakumanzere chala chimodzi chinali lende, chopanda kanthu mkati. Anachipinda okha n'kuchimata ndi tepi. Kenaka anandiyang'ana.

Tinaima mozungulira monga mwa masiku onse, udzu uli mbuu ndi chisanu. A Kaputeni anayamba kufunsa mmodzimmodzi. Aliyense amati palibe. Ine ndinali wachisanu. Ndinali nditakonza mawu ambiri aulemu oyambira, koma ndinakumbukira masekondi anayi aja, ndiye ndinawataya onse. Atafika pa ine ndinadzutsa mutu, ndinawayang'ana m'maso, n'kunena kuti sitopu.

Amake Tadala, miyezi isanu ndi umodzi ndagwira nawo ntchito, kanali koyamba kuwaona m'maso. Ng'ala inali pomwepo, m'diso lakumanzere, yotuwa ngati dontho la mkaka m'madzi. Ndikanayang'ana pamene anandikweza chibwano mu Malichi, mwina ndikanaiona kalekale.

Anandifunsa kuti sitopu wa chiyani, helikopita isanalire n'komwe. Ndinati, "Diso lanu lakumanzere silikuona, bwana. Tsiku lija kunalibe mphepo."

Mnzathu wina anatsokomola. Nkhope ya a Kaputeni inafiira mpaka m'makutu, ine ndinati basi, ndikalongedze. Koma anangondiuza kuti ndipite ndikaime pa galimoto ya mafuta, mbali ya dzuwa, ndikweze zala zimene ndingafune. Ndinapita, ndinakweza zitatu. Iwo anatseka diso lakumanja ndi chipewa n'kuyang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka mkono wanga unayamba kuwawa. Sanatchule nambala. Anangoti, "Tsitsa mkono, mwana wanga." Kenaka anavula chisoti chawo choulukira, anachiika pampando, n'kupita kukaimba foni ku ofesi okha.

Sindinasangalale. Ndinapita kuseri kwa galimoto ndipo ndinalira, sindikubisirani. A Goodson anabwera n'kukhala pambali panga, tinamwa tiyi limodzi.

Ntchito yaima mpaka apeze woyendetsa wina. Ya ovataimu palibe, ndiye mwezi uno nditumiza zochepa, mupirire. Anzathu ena sakundilankhula, ati Mmalawi watseka mpopi. Asiyeni anene.

Wanu,
Silvesta

Johannesburg
15 Sepitembala 2024

Okondedwa amake Tadala,

Moni. Kalata yanu yonena za ngozi ya njinga ya bambo ndaiwerenga katatu. Bondo la Tadala likupola bwanji? Muzilitsuka monga anakuuzirani kuchipatala. Bambo akuti mbuzi inatulukira mwadzidzidzi, koma mwana akuti inali ngolo yoima m'mbali mwa msewu, masana dzuwa lili pamutu. Ndikukhulupirira mwana. Akanagwera mbali ya phula, pamene pamathamanga maminibasi a ku Salima paja, bwenzi tikunena zina.

Munandiuza mu Malichi, munabwereza mu Epulo, munabwerezanso mu Julayi. Ine ndinakutsekani pakamwa. Ndalakwa, amake Tadala, mundikhululukire. Kuyambira mawa Tadala aziyenda pansi ndi anzake, achedwe bola afike.

Kuno ntchito tiyambanso sabata yamawa. Woyendetsa watsopano ndi mayi, wamng'ono kwa ine, wolankhula mofulumira. Tsiku loyamba kukumana naye ndinamuyang'ana m'maso mpaka anafunsa ngati ali ndi kanthu pankhope.

A Kaputeni anabwera Lachisanu kudzatsanzika. Akachitidwa opaleshoni ya diso, ndipo akuti mwina adzaulukanso, koma pafupi ndi mawaya ayi. Ndinafuna kuwabwezera jekete, anakana. Anandikokera pambali n'kundiuza chinthu chimene sindinachiyembekezere. Ati anayamba kuzindikira za disolo mu Febuluwale, koma amadzinamiza kuti ndi kutopa, ndipo amadikira madokotala oyeza oyendetsa ndege kuti adzawauze mu Novembala, poti okha analibe mtima woti adziletse. Ati m'mawa uliwonse akamafunsa funso lija, theka la mtima wawo limapempha kuti wina anene. "Ndinakufunsa masiku onse, Silvesta," anatero, "iwe umayankha nsapato."

Mu envelopu muno muli kalata ina yomata, ya bambo. Musaitsegule, ndipo musanene kanthu, uwu si mtolo wanu. Muwapatse m'manja akamaliza kudya, Tadala ali pafupi. Mpunga mugulitse matumba awiri, ndalama yake musunge ya ulendo wa ku Nkhoma kuchipatala cha maso.

Ndine wanu nthawi zonse,
Silvesta

Johannesburg
15 Sepitembala 2024

Bambo anga okondedwa, a Aloysius,

Atamandike Yesu Khristu. Ndikhulupirira Ambuye akukusungani ndipo phewa lija likupezako bwino. Ine mwana wanu ndili bwino kuno.

Munandiphunzitsa kuti kalata yopita kwa wamkulu iziyamba ndi mawu ofewa, ifike pa nkhani pang'onopang'ono. Ndakhala ndikutero moyo wanga wonse ndipo sindikunyoza. Koma chaka chino mawu ofewa adula chala cha mnzanga amene anandipezera ntchito, ndipo anatsala pang'ono kupha anthu awiri ine ndikuonerera. Tsono mundilole ndidumphe mawu oyambira.

Bambo, maso anu sakuona. Njinga yamoto ija muisiye lero. Makiyi mupatse amake Tadala, ndipo musawakwiyire, iwo sananditume kulemba kalatayi. Anandiuza kalekale, wokana kumva ndinali ine.

Ndikudziwa kuti njingayo ndi miyendo yanu. Ndi imene imakufikitsani ku Mua pa Misa, ku Bwanje kumunda, ndi kumaliro a anthu amene munawaphunzitsa. Ndikudziwanso kuti mukaisiya anthu aziti aphunzitsi akalamba. Anene. Ndaona munthu wamkulu ngati inu, wodziwa ntchito yake kuposa tonse, akuvula chisoti pamaso pa antchito ake. Sanachepe, bambo. Tsiku limenelo ndi limene ndinamulemekeza koposa. Paja inu nomwe mumati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndakonza zoti mupite ku Nkhoma akaone masowo. Ngati ndi ng'ala, ambiri amachira n'kuwerenganso. Madokotala akadzati mukhoza kuyendetsa, ndidzakuthirirani mafuta ndine, paja ndiyo ntchito yanga. Pa Khirisimasi ndikubwera. Ndidzagwada monga mwa nthawi zonse, koma mawu awa ndidzawabwereza ndi pakamwa, ndikukuyang'anani m'maso.

Mwina mukuti mwanayu akunama, maso anga ali bwino. Sinditsutsana nanu. Kalatayi ndailemba ndi zilembo zing'onozing'ono zija munandiphunzitsa, zosatuluka mu mzere. Ngati mwaiwerenga nokha mpaka pano, ing'ambeni, ndipo ndidzapepesa pamaso pa abale onse. Koma ngati mawu awa mukuwamva m'kamwa mwa Tadala, muyang'ane bondo lake, bambo, kenaka mupereke makiyi.

Ndine mwana wanu,
Silvesta